Mmene tinayendera Blantyre usiku ndi wotiperekeza wathuwathu

Tauni ya Blantyre imagona msanga. Ikamakwana 6 koloko madzulo, masitolo a mu Victoria Avenue ndi Haile Selassie amakhala atatsitsa zitseko zachitsulo, mavenda akulongedza, anthu akukanganirana maminibasi ku Mibawa. Pofika 7 koloko otsala m'makhonde amakhala alonda ndi timbaula tawo. Munthu amene anazolowera mizinda ya kunja, kumene anthu amayenda wapansi usiku pakati pa nyumba zowala, akabwera ndi maganizo amenewo kuno amabwerera atakhumudwa. Komatu zoona zilipo. Zili m'mapiri amene azungulira mzindawu, ndipo kuti uzione pamafunika galimoto, kusunga nthawi, komanso munthu wodziwika kumalo kumene ukufuna kukaima.

Ine ndinabadwira ku Queens, ndinakulira ku Chitawira, pano ndimakhala ku Naperi. Achemwali anga aakulu, amene anakhazikika ku Leicester kalekale, anabwera mu Meyi pamodzi ndi alamu ndi mtsikana wawo kudzakhala nawo pa ukwati wa mng'ono wathu. Masana onse ankathera ku misonkhano ya komiti, kwa telala, ndi kukalonjera achibale aja oti ukapanda kuwaona amakusungira mawu mpaka pamaliro ako. Mtsikanayo anachoka kuno ali kumsana, ndipo tsiku lina anandifunsa kuti, "Anti, kodi Blantyre yake ndi iti? Ine ndangoona mabalaza a anthu." Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nthawi yokhayo imene inkapezeka inali madzulo.

Ulendo wotere suupeza utalembedwa pa chikwangwani, umachita kupangana. Mnzanga wina amene amalandira alendo pa hotela ina m'tauni anandilumikiza ndi mnyamata wa ku Chilomoni amene anaphunzira ku Malawi Institute of Tourism, ndipo ntchito yake ya masiku onse ndi kuperekeza alendo ku Mulanje, ku Zomba ndi ku Majete. Tinakumana masana kuti tikambirane. Alamu ananena kuti tinyamuke 7 koloko titadya nsima. Mnyamatayo anaseka mwaulemu n'kunena kuti, "Bwana, 7 koloko ndiye kuti ulendo watha kale. Mukufuna kuona magetsi akuyaka, osati atayaka."

Apa ndi pamene pagona ulendo wonse, choncho ndifotokoze bwino. Kuno dzuwa limalowa msanga ndipo chisisira sichikhalitsa. Mu Meyi ndi Juni limalowa cha m'ma 5:20, mu Disembala ndi Januwale itangodutsa 6 koloko. Kuchokera pamene lalowa mpaka mdima wa ndiweyani sipatha ngakhale ola limodzi. Nthawi yokongola ndi ya pakati pomwepo, pamene mapiri akuonekabe mizere yake koma nyumba zayamba kuyatsa. Ukafika mdima utagwa kale umangoona timadontho towala, osadziwa kuti uku ndi ku Ndirande kapena ku Mbayani. Ndiye munthu uyenera kukhala utaima pamtunda dzuwa lisanalowe, ndipo kuti zimenezo zitheke uyenera kudutsa m'tauni anthu asanaweruke, chifukwa 5 koloko ikakupeza pa Clock Tower dzuwalo ukalionera pagalasi la minibasi ya kutsogolo kwako.

Tinanyamuka hafu pasiti 3. Poyamba tinaima ku Mandala House, nyumba yosanja imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, nthawi ya abale awiri aja John ndi Frederick Moir. Ndaidutsa nyumba imeneyi moyo wanga wonse, koma wotiperekezayo anaifotokoza mogwirizana ndi usiku umene tinkaudikira. Anatiimika pabwalo n'kutiuza za usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene gulu la anthu a John Chilembwe linayenda wapansi kuchokera ku Mbombwe ku Chiradzulu kudzathyola nyumba yosungiramo zida ya kampaniyi. Anafika kusanache, anangotenga mfuti zochepa, anthu n'kudzuka. Anatulutsa K2,000 m'thumba n'kumupatsa mtsikana uja kuti aone nkhope ya munthu amene akumukambayo, kenako analoza kumene kuli Chiradzulu kuti aganizire mtunda umene anthuwo anayenda mumdima. Mwanayo anasiya foni. Ndinaona pomwepo kuti ndalama yathu sikupita pachabe.

Ku tchalitchi cha St Michael and All Angels tinafika dzuwa litapendeka, likuwomba njerwa zija chammbali mpaka kufiira. Tchalitchichi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, amene sanaphunzire za zomangamanga, pamodzi ndi anthu akuno amene anaumba ndi kuwotcha njerwazo pomwepo. Mukayandikira mudzaona kuti njerwazo si za mtundu umodzi, zina zokhota, zina zosongoka, ndipo nsanja ziwiri zakutsogolo sizofanana. Mishoniyi inayamba mu 1876 pamalo a mfumu Kapeni, ndipo mzinda wonse unakula kuchokera pamenepa. Achemwali anaphunzira ku HHI, sukulu ya pa mishoni pomwepo, ndiye apa wotiperekezayo anangokhala chete, iwo n'kutenga ntchito yake, kuloza kumene ankagula zitumbuwa ndi kumene ankabisala akachedwa. Wotsogolera alendo wabwino amadziwanso nthawi yotseka pakamwa. Kumbukirani kuti awa ndi malo opemphererapo. Tinayamba taonana ndi oyang'anira tisanajambule, ndipo mkati munali kwaya ikuphunzira nyimbo, sitinaisokoneze.

Kuchoka apo tinadzera ku Namiwawa kulowera ku Chilomoni. Tara atatha tinayamba kukwera kamsewu ka miyala kolunjika kuphiri la Michiru, mbali imene kuli Njira ya Mtanda. Alamu anayamba kuyang'ana uku ndi uku, dzanja lili pathumba la foni. Ana ankathamangira galimoto, amayi a pa mpopi akutiyang'ana. Koma paliponse wotiperekezayo ankatsitsa galasi. "Mwaswera bwanji amayi?" "Madala, bho?" Anthu ankamuyankha pomutchula dzina, wina mpaka kumufunsa za mayi ake amene ankadwala. Galimoto tinaisiya pa golosale ina, mwini wake n'kutulutsa mpando kukhala pafupi nayo, ife n'kuyenda pang'ono wapansi mpaka pakhomo pa bambo ena achikulire amene bwalo lawo layang'ana kum'mawa, popanda mtengo kapena mpanda wotchinga.

Ndikufuna ndinene mosabisa kuti chimene mumalipira pa ulendo wotere ndi chimenechi. Galimoto aliyense angabwereke. Zaka za nyumba zakale zili m'mabuku. Koma malo abwino oonera Blantyre ali m'makomo a anthu, m'mapiri mmene mlendo sangangofika n'kuima ndi kamera madzulo. Kukwera Ndirande, Soche kapena Michiru wekha kukuda n'kudziputira mavuto, ndipo aliyense wokhala kuno anamvapo za anthu amene analandidwa mafoni ndi nsapato m'mapirimu ngakhale masana. Pakhomo pa munthu ndi nkhani ina. Tinaodira, anatiyankha, anatipatsa benchi ndi mkeka. Achemwali anagwada polonjera mwini nyumba ngati sanachokepo, mwana wawo n'kutengera pomwepo, ngakhale maondo ake anachita ngati akukana. Tinapereka shuga ndi sopo zimene wotiperekezayo anatiuziratu kuti tigule, kuwonjezera pa kangachepe kamene iye amawapatsa akabwera ndi alendo.

Dzuwa linali kumbuyo kwathu, likutsikira kuseri kwa Michiru. Ife tinali kale mumthunzi, koma kutsogolo phiri la Ndirande linali likuwalabe, mwala wake wapamwamba uli psuu. Mthunzi unayamba kudya mzinda kuchokera kumapazi athu, kudutsa Namiwawa, kukafika pa nyumba zitalizitali za m'tauni, kenako kukwera Ndirande mpaka kunsonga. Nthawi yomweyo utsi wa mbaula ndi nkhuni unayamba kuyala pamwamba pa malokeshoni, woyera, osakwera kumwamba, kungogona m'zigwa. Wotiperekezayo anati utsi umenewo ndi mitengo imene sitikuionanso paphiripo. Achemwali anavomera, chifukwa iwo amakumbuka Ndirande ali ndi nkhalango ya paini isanathe m'zaka za m'ma 1990.

Oyamba kuyaka anali magetsi a magalimoto, mzere wofiira ndi woyera wosasuntha pamsewu wa ku Chileka, anthu aja tinawathawa. Kenako timagetsi tofiira ta pa milongoti ya pamwamba pa mapiri. Kenako nyumba, imodziimodzi, mpaka tinalephera kutsatira. Mbayani, amene masana timamudutsa titatseka magalasi chifukwa cha fumbi, anaoneka ngati munthu wagubuduza mbaula makala oyaka n'kumwazikira phiri lonse. Alamu anati, "Koma alamu, uku si ku Johannesburg?" Bambo a pakhomopo anaseka n'kunena kuti, "Mubwere mawa 10 koloko mudzamuone Johannesburg wanuyo."

Mwini nyumbayo ndi amene anakometsa madzulo amenewo, ngakhale sanali pa ndondomeko. Anagwirako ntchito ku David Whitehead, fakitale ya nsalu ya ku Makata, ndipo analipo mu Meyi 1992 pamene ogwira ntchito kumeneko ananyanyala, chipwirikiti n'kufalikira mzinda wonse, patangopita miyezi iwiri mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma. Ankaloza ndi ndodo kumene kuli fakitaleyo, njira imene anayenda kulowera m'tauni, ndi kumene anathawira mfuti zitayamba kulira. Pafupi pomwepo analozanso fakitale ya mowa imene Carlsberg inatsegula mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, imene pano ili m'manja mwa Castel. Wotiperekezayo ankamasulira mtsikana uja pang'onopang'ono, osawadula mawu mkuluyo.

Tili pomwepo, chigawo chonse cha kumanzere kwathu chinangoti bii. Magetsi anazima. Mtsikanayo anadzidzimuka, ife eni mudzi osagwedezeka n'komwe. Chimene ndinali ndisanaonepo ndi mmene kuzima kwa magetsi kumaonekera ukakhala pamwamba. Mdimawo uli ndi malire ake oongoka, msewu uwu kowala, msewu winawo kwada. Pakapita kanthawi mumdimamo mumayamba kutuluka timagetsi toyera ta sola, ndi nyumba zingapo za majenereta, moti ungathe kuloza amene zinthu zikuwayendera. Wotiperekezayo anati iye amayamba waona ndondomeko ya kuzimitsa magetsi ya tsikulo asanasankhe phiri loimapo, chifukwa kukwera mtunda wonse uja n'kukapeza mbali imene mwayang'anayo ili mumdima ndi kutaya mafuta. Funsani wanu ngati amachita zimenezi.

Anapezerapo mwayi wofotokozera alamu kuti pafupifupi kuwala konse tikuonaku kumachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Madzi akumwa nawonso ambiri amachokera mu Shire momwemo, pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, ndipo amachita kuwapopa kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800. Mzinda wa anthu oposa 800,000, malinga ndi kalembera wa 2018, wakhala pamwamba pa mapiri koma moyo wake uli kuchigwa. Alamu ndi injiniya, ndiye nkhani imeneyi anaigwira osafuna kuisiya, mpaka achemwali anawakumbutsa kuti kukuzizira.

Kuzizirako si nkhani yamasewera. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo ukakwera m'mbali mwa phiri mu Meyi mphepo imalowa m'mafupa dzuwa likangolowa. Tengani juzi, amayi chitenje chapadera, ndi nsapato zotseka chifukwa potsika mumaponda miyala mumdima. Tochi ya pafoni imakwana. Pojambula, flashi ndi yopanda ntchito, imangowalitsa udzu wa patsogolo panu. Tsamiritsani foni pakhoma kapena pamwala kuti isagwedezeke, muiike pa zojambulira usiku, mudikire. Anthu a pakhomo musawajambule musanapemphe, makamaka ana. Ndipo pali malo amene kamera iyenera kukhala m'chikwama: msewu wopita ku Sanjika, pa rodibuloko, ndi paliponse pali asilikali.

Za m'tauni ndidutsa mwachangu chifukwa nafenso tinadutsa mwachangu. Tinayenda pang'onopang'ono mu Victoria Avenue, kuona holo yakale ya tauni ya mu 1903, Delamere House ndi Chayamba Building, osatsika. Msewu umene masana supeza poimika galimoto unali mbee, kungotsala alonda ndi ana ogona m'makhonde. Tinakwera pamwamba pa hotela ina kukamwa tiyi. Pamenepo m'pabwino, pali mipando yofewa ndi chimbudzi, ndipo ngati mlendo wanu ndi wokalamba kapena sangayende pamiyala, mutengereni kumeneko dzuwa likamalowa, adzakhutira. Koma kunena zoona, ukachokera kumene tinachokera ife, pahotela umaona ngati ukusuzumira pawindo. Uli pakati pa mbale, mapiri akukuyang'ana iwe.

Msewu wa Masauko Chipembere usiku ndi wina. Galimoto zitachepa, kuchoka pa Ginnery Corner kudutsa Queens, MUBAS imene achemwali amaitchulabe Poly, Chichiri, bwalo la Kamuzu ndi chipilala chokumbukira ufulu wa 1964, mpaka ku Limbe, ndi mphindi zochepa chabe. Wotiperekezayo anatikumbutsa kuti awa anali matauni awiri osiyana mpaka 1956 pamene anawaphatikiza. Blantyre anakula ndi mishoni ndi masitolo, Limbe anakula ndi njanji imene inafika mu 1908 komanso fodya. Kusiyanako kumaonekabe usiku. Limbe sagona msanga: mabasi a usiku, malole, amayi ogulitsa chimanga chowotcha ndi mbatata pa nyali, akabaza atandandalika pa mphambano iliyonse. Tinakwera pang'ono mbali ya ku Mpingwe kuti tione mzinda kuchokera kum'mawa, koma sitinakhalitse. Kumeneko nyumba ndi za mipanda italiitali, agalu akuuwa, ndipo mlonda wina anabwera kudzafunsa chimene tikufuna. Wotiperekezayo anamuyankha bwinobwino, koma zinaonekeratu kuti kuno si kwawo. Mukamasankha munthu, mufunseni kumene amakhala ndi kumene anakulira, chifukwa phiri limene adzakuonetseni bwino ndi lakwawo.

Pobwerera tinadzera ku Kanjedza ndi Kwacha, phiri la Soche lili kutsogolo kwathu. Tisanafike ku Kamba wotiperekezayo anatembenuka n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi, pali malo ena ndimaimapo alendo akafuna, okhudza za namondwe Freddy. Tiime kapena tipitirire?" Ndinayang'ana achemwali, iwo anagwedeza mutu kuti tiime. Tinazungulira mbali ya Zingwangwa n'kuima m'mbali mwa msewu pamene phirilo limaoneka lonse. Magetsi a nyumba amakwera m'phirimo mpaka pafupi ndi matanthwe, koma pakati pake pali mizere yakuda yotsika kuchokera pamwamba, mmene munadutsa matope ndi miyala mu Malichi 2023. Namondweyo anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kumwera, ndipo ku Chilobwe ndi ku Manje ndi ena mwa malo amene anavutika koposa. Adalaivala athu, amene ulendo wonse sanalankhule zambiri, anati, "Pamene pali mdimapo panali nyumba. Ena ndinkapemphera nawo." Anatiuzanso kuti m'mphepete mwa mizereyo anthu ena abwereramo, chifukwa lendi kumunsi sangaikwanitse ndipo ntchito zawo zili m'tauni.

Achemwali nthawi ya namondweyo ankangoonera pa Facebook ndi kutumiza thandizo kudzera kumpingo. Apa anaima nthawi yaitali osanena kanthu. Palibe anatulutsa foni. Ine ndikuona kuti mnyamatayo anachita bwino kufunsa kaye, ndipo anachitanso bwino kusabisa. Magetsi omwewo tinkawasirira ku Chilomoni ndi nyumba za anthu amene akwera m'mapiri chifukwa pansi malo anatha kapena anadula. Wotsogolera alendo amene angakuonetseni kuwalako osakuuzani zimenezi wakuonetsani theka la mzinda. Koma amene angasandutse Chilobwe malo ojambulirapo zithunzi zosekerera, ameneyo musiyeni.

Tinamalizira ku Kamba, kumene usiku umachita ngati ukungoyamba kumene. Nyimbo za m'mabala zimapikisana, utsi wa kanyenya uli tolo, anyamata akuitanira aliyense pa chiwaya chake. Panonso wotiperekezayo anali ndi munthu wake. Tinasankha nyama yaiwisi tokha n'kuiona ikuwotchedwa mpaka kupsa, zimene ndikulangizani kwambiri ngati muli ndi alendo amene mimba zawo zinazolowera kwina. Alamu anapeza mang'ina amene akhala akuwalota kwa zaka. Mtsikana uja anadya tchipisi cha pa chiwaya ndi kabichi ndi tsabola wa kambuzi, misozi ikutuluka koma osasiya. Tinatenga ndalama zing'onozing'ono zokha, zikwama tinasiya kunyumba, ndipo adalaivala anakhala moyang'ana galimoto. Pofika 9 koloko tinali tikulowa pageti ku Naperi. Kupitirira apo anthu amakhala atakhuta mowa, pamsewu ndi m'mabala momwe, ndipo ngati muli ndi mwana palibe chimene mukutsalira.

Tsopano za ndalama. Sinditchula chimene tinalipira chifukwa sichingakuthandizeni. Chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa lero si wa mwezi wamawa. Chothandiza ndi kagawidwe kake. Musavomere mtengo umodzi wophatikiza zonse. Muuzeni akupatseni padera ya galimoto ndi dalaivala, padera ya mafuta, padera yake iyeyo, ndipo zakudya ndi mphatso ya pakhomo muzigula nokha. Mukatero mumaona pamene pakwera, komanso ngati muli ndi galimoto yanu yokwera bwino m'miyala mutha kuchotsa gawo lalikulu. Kagalimoto kotsika kwambiri kumtunda kwa Chilomoni kakasiyako bampala. Ife tinapereka theka pa Mpamba tsiku lopangana, lotsala titafika kunyumba. Kukambirana mtengo ndinachita ndekha alendo atakhala phee, chifukwa mtengo ukangomva Chingelezi cha ku Leicester umadumpha wokha. Komabe musamufinye mnyamatayo mpaka kumuchotsa magazi. Amene amakutetezani kuphiri kuja ndi ubale umene iye wamanga ndi anthu, ndipo ubalewo amauthirira ndi ndalama yomweyo.

Galimoto ikakhala yahayala, onani kuti ili ndi nambala yofiira, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi zili pagalasi ndipo sizinathe, chifukwa usiku apolisi amaimitsa, ndipo palibe chochititsa manyazi ngati alendo kukhala pa rodibuloko dalaivala akuchonderera. Onaninso kuti magetsi ake onse akuyaka. Nthawi imene mafuta akusowa, muuzeni dalaivala athire masana, osati kukayamba kusaka pa filing'i siteshoni dzuwa likukulowerani. Wotiperekezayo ndi dalaivala akhale anthu awiri. Munthu mmodzi sangazembe maenje ndi njinga zamoto zopanda magetsi kwinaku akufotokoza za Chilembwe. Ndipo wina wa kunyumba adziwe nambala ya galimoto, nambala ya foni ya mnyamatayo, ndi kumene mukupita. Wathuyo anatumiza yekha zimenezi kwa amuna anga ndisanamupemphe.

Mwezi nawo ndi wofunika kuuganizira. Epulo ndi Meyi ndiyo miyezi yabwino, mvula itangotha, mpweya uli woyera, mapiri akadali obiriwira. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu zochokera mbali ya Mozambique, ndipo chikagwa ngakhale nyumba ya kumunsi kwanu simuiona. Seputembala ndi Okutobala dzuwa limalowa lofiira bwino chifukwa cha fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire, koma magetsi akutali amaoneka mwachimbuuzi. Nthawi ya dzinja, madzulo amene mvula yagwa masana n'kukata, mzinda umaoneka bwino kuposa nthawi ina iliyonse, kungoti timisewu ta kumtunda timaterera ndipo ine sindingakwere m'mbali mwa phiri kumwamba kuli mitambo yakuda. Ngati alendo anu akufuna kwambiri kuona dzuwa likulowa osati magetsi, funsani za msewu wa ku Chikwawa, kupitirira pa Milare, pamene mtunda umatsetserekera kuchigwa cha Shire. Umenewo ndi ulendo wapadera, musauphatikize ndi wa m'tauni tsiku limodzi.

Chifukwa cha nyengo yosadalirikayi, panganani za kusintha tsiku musanapereke ndalama iliyonse. Mnyamata wathu lamulo lake linali lakuti iye amayang'ana kuphiri 2 koloko masana n'kuimba foni. Kukakhala nkhungu, ulendo umasunthira tsiku lina popanda kuwonjezera kanthu. Koma mukaumirira kunyamuka ndipo chiperoni chikakupezani muli kale kumtunda, ya mafuta ndi ya dalaivala sizibwezedwa. Choncho musauike pa tsiku lomaliza alendo asanakwere ndege ku Chileka, siyani masiku ena kutsogolo oti mungasunthireko.